Lembani mitengo yamoyo

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mtsikana amene anamaliza maphunziro ku Natural Resources College ndipo wangolembedwa ntchito ya ulangizi ndi bungwe lina loteteza zachilengedwe. Dera lake ndi midzi ya ku Mpingu ndi Namitete mpaka ku Nsaru. Lipoti la chaka chatha limene walipeza mu ofesi likuti mbande zonse zimene zinatuluka m'nazale zinadzalidwa ndipo zikukula bwino. Koma atayenda yekha m'minda ndi m'mphepete mwa madambo wapeza maenje okhaokha ndi timitengo touma. Abwana ake akufuna lipoti latsopano, ndipo amutsina khutu kuti nambala isatsike chifukwa opereka ndalama ali pafupi kubwera. Kontirakiti yake ndi ya chaka chimodzi. Funso lake ndi lakuti alembe chiyani.

Achemwali, lembani zimene mwaona ndi maso anu. Koma chilungamo nachonso chili ndi kaperekedwe kake, ndipo mukachipereka mwaphuma mutha kutaya ntchito popanda kupulumutsa ngakhale mtengo umodzi.

Musalowe mu ofesi ya abwana ndi mawu akuti lipoti lakale linali labodza. Mwina amene analemba sananame n'komwe. Anawerenga mbande tsiku limene zimachoka m'nazale mu Januwale, ndipo tsiku limenelo zonse zinali zamoyo. Cholakwika ndi nthawi yowerengera. Mtengo wa kuno ku Lilongwe umadziwika kuti wagwira ukadutsa chilimwe choyamba, ndiye kuwerenga kwenikweni kumachitika mu Okutobala, dzuwa litafika pachimake, mbuzi zitayenda, moto utadutsa. Pitani kwa abwana ndi manambala awiri, ya mbande zodzalidwa ndi ya mitengo yamoyo, kalabu iliyonse payokha, ndipo pambali pake mulembe chimene chinapha yotsalayo. Tiyerekeze kuti kalabu ina inalandira mbande 2,000 ndipo mwapeza 600 zili moyo. Musangolemba 600 n'kusiya. Onetsani kuti za m'mbali mwa nyumba zapulumuka zambiri, za pa malo a mudzi zinapsa, za kudambo zinadyedwa ndi ziweto. Mukatero nambala yotsikayo yasanduka chida chokonzera ntchito ya chaka chino, ndipo bwana wanzeru aona kuti mwamupatsa choyankha alendo akafunsa.

Powerenga musapite nokha. Tengani mlembi wa komiti ya zachilengedwe ya m'mudzimo ndi mlangizi wa boma wa zankhalango, muyende nawo mzere ndi mzere, ndipo onse asaine m'kope. Ngati midzi yachuluka, sankhani mabanja mwa maere pamaso pa anthu, kuti pasakhale wokutengerani ku minda yokongola yokhayokha. Lipotilo mulitumize pa imelo kuti pakhale umboni wa tsiku ndi zimene munalemba. Abwana akasintha nambala pamwamba panu, umenewo ndi mlandu wawo. Koma akakupatsani pepala la nambala imene mukudziwa kuti si yoona kuti musainepo, kanani mwaulemu: "Pepani bwana, ndingasaine zimene ndawerenga ndekha." Mabungwe amayenera kupereka malipoti a ntchito ndi a ndalama chaka ndi chaka ku NGORA, imene inabwera ndi kusintha kwa lamulo la mabungwe mu 2022, ndiponso opereka ndalama masiku ano amatumiza anthu awo kukaona pamalo, ena ndi zithunzi za m'mlengalenga. Zikadzavuta, dzina limene adzaliwerenge pansi pa tsambalo ndi lanu.

Tsono tikambe chimene chimapha mitengo, poti mpamene pali ntchito yanu yeniyeni.

Choyamba ndi kuchedwa, ndipo kuchedwako kawirikawiri kumayambira mu ofesi. Machubu, njere ndi makeni zimayenera kufika m'midzi mu Ogasiti kuti kesha, mthethe ndi mtangatanga zifesedwe mu Sepitembala. Zikafika mu Novembala chifukwa pepala logulira katundu linagona pa tebulo la wina, mbande zimatuluka zanthete kapena zimatuluka mvula ikutha. Nyengo ya boma yodzala mitengo imayamba pa 15 Disembala kufika pa 15 Epulo, koma musanamizidwe ndi kutalika kwakeko. Kuno mvula imayamba kudula mu Malichi. Mbande yodzalidwa kumapeto kwa Febuluwale, poyembekezera tsiku limene mlendo wolemekezeka wapeza mpata, imakumana ndi chilimwe mizu isanazike. Ine ndimati Januwale asanathe mitengo yonse ikhale ili m'nthaka, mwambo wa alendo udzachitikire pa mitengo khumi yotsala. Ndiye kalondolondo wa machubu muyambe mu Juni, ndipo muzikumbutsa a zogulagula sabata ndi sabata ngakhale akutopeni.

Kumbukiraninso kuti masiku odzala mitengo ndi omwewo mlimi akuwokera fodya, kupalira chimanga ndi kuthira feteleza. Pofika Febuluwale mabanja ambiri nkhokwe zagona, anthu ali pa ganyu. Munthu wa njala sangasiye ganyu kuti akakumbe maenje a mitengo. Maenje akumbidwe mvula isanagwe kapena ikangoyamba, ndipo banja lililonse litenge mbande zimene lingathe kusamala. Makumi awiri osamalidwa amaposa mazana awiri otayidwa kuseri kwa khola.

Kenako pali mbuzi ndi moto. Anthu akangokolola, ziweto zimamasulidwa kuti zizidya mapesi, ndipo kuyambira Juni kamtengo kobiriwira kamene kaima pakati pa munda wouma sikatha sabata. Anyamata osaka mbewa akayatsa tchire, zotsala zimapita. Izi sizithetsedwa ndi maphunziro a tsiku limodzi pansi pa mtengo wa mango. Zimafuna lamulo la mudzi, lopangidwa ndi anyakwawa pamodzi ndi eni ziweto, lonena kuti mbuzi ikadya mtengo wotchingidwa mwini wake alipira chiyani, ndiponso tsiku lolambula njira yotchinga moto udzu usanaumitsitse. Inu simungaike lamulolo. Mungathe kungopempha amfumu kuti aitanitse bwalo, n'kukhala pansi kumvetsera. Chiswe nachonso chimakonda bulugama, choncho pa malo a zulu zambiri kesha amapirira bwino.

Koma chachikulu kuposa zonsezi, chimene mafomu a ku ofesi safunsa, ndi chakuti mtengowo ndi wa yani. Kuno ndi kwa Achewa, ndipo munda nthawi zambiri umayenda ndi mbumba. Bambo amene ali pa chikamwini amalima munda wa kuchikazi. Amadziwa kuti banja likatha kapena mkazi akatisiya, iye adzanyamula zovala zake n'kubwerera kwawo, mbawa imene anadzala n'kutsalira alamu ake. Munthu wotere pa msonkhano adzavomera ndi mutu, mbande adzalandira, koma madzi sadzathirira. Pamene mkazi anatengedwa chitengwa, nkhawa yomweyo ili kwa mayiyo. Palinso minda yambiri yobwereketsa kwa olima mtedza ndi soya, ndipo mwini munda salola wobwereka kudzalamo mtengo chifukwa mtengo ndi chizindikiro cha umwini. Musanalembe dzina m'kaundula, funsani modekha kuti mundawo ndi wa kwa yani. Ukakhala wa aNaphiri, lankhulani ndi aNaphiriwo pamodzi ndi amalume awo, ndipo dzina lolembedwa likhale lawo. Nkhalango ya mudzi nayo imapulumuka pokhapokha anthu atagwirizana poyera kuti nkhuni, milimo ndi bowa adzagawana bwanji. Zimenezi zikapanda kunenedwa, aliyense amaganiza kuti akugwirira ntchito amfumu, ndipo tsiku lopalira mumapezeka amayi atatu okha.

Mukamayenda pa njinga kuchoka ku Nsaru kulowera kwa Kabudula mu Sepitembala, ponyani maso uku ndi uku. Minda ili mbee, koma apa ndi apo pali kagulu ka mitengo yachilengedwe yowirira, masamba atsopano ofiirira akuphukira dzuwa likuswa mtengo. Amenewo ndi manda. Palibe bungwe linapereka chubu kapena alawansi pamenepo. Mitengoyo ilipo chifukwa aliyense akudziwa mwini lamulo, akudziwa kuti nkhwangwa silowamo popanda chilolezo cha amfumu, ndipo akudziwa chimene chimamugwera wolakwa. Midzi imeneyi kusunga mitengo imakudziwa kale, ndipo mlangizi amene amayamba msonkhano ngati akuphunzitsa anthu kufunika kwa mtengo amataya ulemu wake tsiku lomwelo. Chenjezo limodzi: kumanda ndi kudambwe musalowe, musajambule, ndipo alendo anu a makamera muwauziretu asanatsike m'galimoto. Kulakwitsa pamenepo kumatseka mudzi wonse kwa inu ndi kwa bungwe lanu.

Poti midzi imadziwa kale kusunga mitengo, ndikukulimbikitsani kuti m'lipoti lanu lija muikemo ganizo la kusamalira mphukira. M'minda yambiri ndi m'timapiri tometedwa, zitsa za mombo, msuku ndi mitengo ina zikadali ndi moyo pansi. Chaka chilichonse zimaphukira, chaka chilichonse zimasadzidwa ndi khasu kapena kupsa. Mlimi akasankha mphukira ziwiri kapena zitatu zamphamvu pa chitsa, n'kudula zinazo, n'kuteteza ku moto, mtengo umakula msanga kuposa wa m'chubu chifukwa mizu yake ndi yakale ndipo inafika kale pa chinyontho. Sufuna keni, sufuna nazale. Ku Niger njira imeneyi, imene Tony Rinaudo anayamba kuilimbikitsa m'zaka za m'ma 1980, inabwezeretsa mitengo pa mahekitala pafupifupi 5 miliyoni. Dziko lathu linalonjeza kukonzanso mahekitala 4.5 miliyoni pofika 2030, ndipo ndondomeko ya boma ya 2017 yobwezeretsa nkhalango imaitchula njira imeneyi. Ine sindikhulupirira kuti malo aakulu chonchi tingawafikire ndi machubu okha. Vuto lake mu ofesi ndi lakuti mphukira zilibe tsiku la mwambo ndipo palibe katundu wogula, ndiye muyenera kuwapatsa abwana chowerengera china: mabanja angati, maekala angati, zitsa zingati pa ekala, ndi chithunzi cha malo omwewo chaka ndi chaka mutaima pa mwala womwewo.

Muli ndi mwayi umene alangizi a madera ena alibe. Chitedze ili pakhomo panu. Malo ofufuzira zaulimi amenewa akhalapo kuyambira 1948, ndipo ndi kumene asayansi a boma ndi a ICRISAT anatulutsira mtedza wa CG7 umene wadzaza minda ya kuno. Musamangodutsa pa geti pa minibasi ya ku Mchinji. Lowani, dzidziwitseni, funsani za nthaka ya dera lanu ndi za kagwedwe ka mvula. Mlimi amasamala mtengo umene ukumuonjezera chimanga, choncho nkhani ya mitengo yobwezeretsa chonde muidziwe bwino. Gilisidiya wodzalidwa pakati pa chimanga anayesedwa zaka zambiri ku Makoka ku Zomba ndipo anaonetsa kuti amakweza zokolola, koma amafuna kumuthenera pa nthawi yake ndi kukwirira masamba. Msangu umayoyola masamba nthawi ya dzinja, kotero sutchinga dzuwa ku mbewu, ndipo chimanga cha pansi pake chimaoneka chokha kubiriwira. Komatu ndi mtengo wovuta m'nazale. Njere yake imafuna kuitema pang'ono khungu kuti imere, ndipo muzu wake umathamangira pansi mofulumira, moti chubu chikakhala pa dothi muzu umaboola n'kuduka pozula. Ufeseni mochedwa kuposa mitengo ina, machubu muwaike pa thandala kuti asakhudze nthaka, ndipo muudzale ukadali waung'ono. Alimi muwauze zoona kuti phindu la msangu limadza patapita zaka zambiri, kuti asadzakutcheni wabodza chaka chachitatu.

Alangizi a boma a zaulimi ndi a zankhalango musawadumphe. Mwina alibe mafuta a njinga pamene inu muli nawo, koma iwo anali pamenepo musanabwere ndipo adzakhalapo polojekiti ikadzatha. Pitani ku ofesi yawo, awonetseni dongosolo lanu la mwezi, ndipo kwa Gogo Chalo mukalowe nawo limodzi.

Nkhani ya alawansi imadanitsa alangizi ambiri ndi midzi. Mabungwe anabwera kale ena ankapereka ndalama pa msonkhano uliwonse, ndiye anthu akaona njinga ya bungwe amayembekezera envulopu. Musawaweruze, nthawi ndi yovuta. Koma nenani tsiku loyamba, pamaso pa amfumu, chimene chilipo ndi chimene palibe, ndipo musasinthe. Ngati pali ndalama ya chakudya pa maphunziro, aliyense asainire yekha kapena adinde chala, ndipo pamene zingatheke ipite pa Mpamba kapena Airtel Money. Kusainira munthu amene sanabwere, ngakhale mnzanu wa ntchito atakuuzani kuti aliyense amatero, ndi njira yachidule yochotsedwera ntchito popanda kalata yabwino. Pakamwa panu pasatuluke lonjezo limene silinalembedwe m'bajeti. Mawu akuti "tiona" kumudzi amamveka ngati "tidzabweretsa". Makamaka za ndalama za kaboni zimene zatchuka masiku ano: ngati simukudziwa kuti adzalipira ndani, zingati, liti ndiponso kwa yani, nenani kuti bungwe lanu silinalonjeze zimenezo.

Pa msewu wa Mchinji ndi wa Likuni m'mamawa mudzakumana ndi njinga zosenza matumba a makala, ndipo ena mwa okwera njingazo adzakhala amuna a amayi a m'makalabu anu. Mtima udzakupwetekani, poti mukudziwa chimene chikuchitikira Dzalanyama, nkhalango yotetezedwa kuyambira 1922 imene mtsinje wa Lilongwe umachokera, ndiponso madamu a Kamuzu ku Malingunde amene amamwetsa mzinda wonse. Komabe kulanda makala si ntchito yanu. Lamulo la zankhalango la 1997 limaletsa kuotcha makala popanda chiphaso, ndipo olikhazikitsa ndi a nthambi ya zankhalango ndi apolisi. Mu 2015 boma linafika potumiza asilikali ku Dzalanyama, koma makala sanasiye kulowa mu mzinda, chifukwa wogula ali ku Kawale, ku Chinsapo ndi ku Area 25, m'dziko limene mabanja oposa 90 pa 100 alionse amaphikira nkhuni kapena makala. Tsiku limene mudzi udzakuoneni ngati kazitape, palibe adzakuuzeninso zoona, ndipo moyo wanu pa njinga m'tinjira ta kutchire udzakhala pa chiswe. Gawo lanu ndi kuchepetsa nkhuni zimene banja limatentha ndi kuchulukitsa zimene limadzilimira: nsungwi ndi kesha za milimo ya zigafa, chitetezo mbaula kukhitchini. Mbaulazonso muziwerenge monga mitengo. Yogawidwa si kanthu, lowani m'khitchini muone ngati ili ndi phulusa lotentha kapena akusungiramo mazira.

Wina akadzakunong'onezani kuti ali ndi ngaka ndipo akufuna wogula, musaitenge, musainyamule pa njinga ngakhale cholinga chanu chili choipulumutsa. Kuyambira 2017 chilango cha milandu ya nyama zotetezedwa chimafika zaka 30 m'ndende, ndipo wopezeka nayo m'manja ndiye woyamba kufunsidwa. Dziwitsani a nthambi ya zanyama zakutchire kapena apolisi. A Lilongwe Wildlife Trust amagwira nawo ntchito yosamalira ngaka zopulumutsidwa mpaka kuzibwezera kutchire.

Za inu mwini tsopano, poti mantha a m'kalata yanu achokera pa kontirakiti ya chaka chimodziyo. Mantha amenewo ndi omveka. Mu Januwale 2025 boma la America litaimitsa thandizo lodzera ku USAID, anthu ambiri a m'mabungwe anagona ali pa ntchito n'kudzuka alibe, olemba malipoti okoma ndi owawa chimodzimodzi. Nambala yokometsera sikutetezani ku zoterezi. Chimene mumatuluka nacho polojekiti ikatha ndi mbiri yanu, ndipo anthu a ntchito imeneyi ku Lilongwe ndi ochepa, amadziwana. Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, choncho zimene lamulo likukupatsani zitengeni lero, osadikira malonjezo akuti polojekiti idzawonjezedwa. Lamulo la zantchito la 2000 limafuna kuti mupatsidwe zolembedwa zofotokoza malipiro, maola ndi tchuthi chanu, ndipo wogwira masiku 5 pa sabata ali ndi masiku 15 a tchuthi pa chaka. Funsani ngati bungwe lili ndi inshulansi ya ngozi ya pa ntchito, chifukwa njira za kwa Kabudula ndi ku Nambuma nthawi ya dzinja zagwetsa akatswiri a njinga, ndipo musakwere popanda laisensi ndi chisoti ngakhale ulendo uli waufupi. Pa penshoni, olemba ntchito amayenera kuika 10 kwacha pa 100 kwacha iliyonse ya malipiro anu, inu n'kuika 5 kwacha. Kuona kuti ndalamayo yadulidwa pa pepala la malipiro sikokwanira. Miyezi itatu iliyonse funsani ku kampani yosunga penshoniyo ngati yafikadi, ndipo kalata ya umboni wa ntchito yanu muipemphe ofesi isanatsekedwe, abwana akadali ndi chidindo m'manja.